Thandizeni: DNA ya Staph ikukana kutuluka pomwe ya E. coli ikutheka bwinobwino

nachisale_25

Moni nonse m'gulu muno. Pepani positi ndi yayitali koma ndathedwa nzeru, sabata yachitatu ino ndikulimbana ndi chinthu chimodzimodzi. Ndili chaka chomaliza, pulojekiti yanga ndi ya matenda otupitsa bere la ng'ombe za mkaka. Masampulo ndinatenga kwa alimi a cha ku Lumbadzi ndi ena a ku Nathenje, ng'ombe zomwe bere lake linali lotentha kapena mkaka ukutuluka wa mibulumibulu. Ndinapanga kalcha (kudzala bakiteriya kuti amere) pa mapuleti a blood agar ndi MacConkey, zinamera bwino, pano ndili ndi ma isolate (mabakiteriya omwe ndawapatula paokhapaokha) 34, mwa amenewa 11 ndi timitengo tofiira pa Gram (test yopaka bakiteriya utoto n'kuwaona pa maikulosikopu), ambiri E. coli ndi Klebsiella pang'ono, otsalawo ndi timipira tapepo tounjikana ngati mphesa nde ndikuwatenga kuti ndi Staph (bakiteriya wa Staphylococcus).

Mmene ndikuchitira: ndimatenga koloni ndi lupu, kuika mu madzi a distilled 200 µl, kuwiritsa mphindi 10, kusipina, kenako madzi a pamwambawo ndimatengako 2 µl kuika mu PCR ya 16S (njira yochulukitsa kachidutswa ka DNA, apa ka jini ya bakiteriya yotchedwa 16S). Ma E. coli onse bandi (kamzere ka DNA pa jelo) ikubwera yowala pa 1500 bp, utali wa kachidutswa kaja, moti tsiku loyamba ndinasangalala kuti ntchito yatha. Koma ma Staph zii, mwina awiri okha kabandi kozimiririka koti mpaka uzimitse magetsi m'chipinda kuti ukaone, ndipo ukabwereza mawa lake ndi sampulo yomweyo kabandi kaja kulibenso.

A supavaiza anandipatsa kiti ya ma column (timachubu ta sefa togwira DNA) yomwe inatsalako kwa anzathu a chaka chatha ndi kabotolo ka lysozyme, enzyme yoswa khoma la bakiteriya. Ndinaika lysozyme pa madigiri 37 kwa mphindi 30, kenako proteinase K (enzyme yogaya mapuloteni) pa 56, tsiku limenelo magetsi anathima ndili pakati ndiye heat block inazizira. Pa NanoDrop, mashini oyezera DNA, ndinapeza 6 mpaka 9 ng/µl, ndipo pa ma ratio oonetsa kuyera kwa DNA 260/280 ili 1.4, 260/230 ili 0.5. PCR sinatulukenso.

Ndawerenga kuti pamafunika lysostaphin, enzyme yoswa khoma la Staph, koma kuno kulibe, kuitanitsa akuti miyezi iwiri kapena kuposa chifukwa cha nkhani ya forex yomwe tonse tikuidziwa, ine nthawi imeneyo ndilibe. Alimi aja anandilandira bwino kwambiri, mayi wina anadzuka 4 koloko m'mawa kuti ndipeze asanakame, ndipo ndinawalonjeza kuti ndidzabwera kudzawauza chomwe chikudwalitsa ng'ombe zawo. Amene munagwirapo Staph opanda lysostaphin munkatani? Kapena ndi ine ndikulakwitsa penapake?

aPhiri_labu

A Nachisale musataye mtima, vuto si manja anu ayi, ndi khoma la selo. Ndinagwira za labu zaka zambiri ndisanapume ndipo aliyense amene amayambira pa E. coli n'kupita ku Staph amagunda pomwepa. E. coli kansalu kake ka peptidoglycan ndi kopyapyala, kungomuwiritsa waphulika. Staph khoma lake ndi lochindikala, mizere yambirimbiri yolukanalukana, n'chifukwa chake amagwira utoto wapepo uja osaulola kuchoka ngakhale muthire alcohol. Chomwe Hans Christian Gram anaona mu 1884 ndi chomwecho chikukusowetsani tulo lero.

Tsono lysozyme. Ntchito yake ndi kudula unyolo wa shuga wa khomalo, ndipo pa Bacillus kapena Micrococcus amagwiradi. Koma Staph aureus amamata kagulu ka acetyl pa shuga ameneyo moti lysozyme amasowa pogwira. Mukaganiza bwino n'zomveka, chifukwa lysozyme amapezeka m'mamina ndi m'misozi, Fleming analemba za iye mu 1922 atamupeza m'mamina momwemo, ndipo Staph aureus kwawo ndi m'mphuno, akanakhala kuti amasungunuka naye sakanakhalamo. Lysostaphin amadula pena, pa kamlatho ka ma glycine asanu kamene kamalumikiza maunyolo aja, n'chifukwa chake mabuku amalimbikira iyeyo.

Chomwe ndikufuna muphunzire ndi kuyang'ana kachubu ndi maso musanathamangire ku mashini. Maselo akakhala amoyo madzi amakhala mbuu ngati otsukira mpunga. Akasweka, makamaka mutathira SDS (sopo wa mu labu) kapena lysis buffer ya mu kiti, madzi amayera mbee ndipo mukakweza tipi pang'onopang'ono mumaona kaulusi kakunanda ngati therere, imeneyo ndi DNA. Yesani ndi E. coli wanu muone, mudzazindikira. Ngati kachubu ka Staph kakadali mbuu, musataye column yanu, mulibe chomwe chatuluka, mukungotseka sefa ndi maselo athunthu.

Popanda lysostaphin khomalo liswereni ndi mphamvu. Funsani ku malabu ena mtauni muno timikanda tagalasi ta 0.1 mm, amene amagwira za TB kapena za dothi amakonda kukhala nato, ndipo simufuna tambiri. Musatenge tikuluikulu ta 2 kapena 3 mm, timeneto ndi ta minofu ndi masamba, pa bakiteriya timangodutsa pambali. Kalcha ikhale yatsopano, ya maola 16 kapena 18, osati puleti yomwe yakhala mu furiji milungu itatu. Lupu imodzi yokha, mu TE (buffer ya Tris ndi EDTA) 300 kapena 400 µl, timikanda tofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madziwo, kachubu ka chotsekera chopotokola, mumange ndi tepi pa votekisi (mashini ogwedezera timachubu) chogona, pa liwiro lonse mphindi ziwiri, pa aisi mphindi imodzi, mubwereze kanayi kapena kasanu. Mukatero proteinase K pa 56 ndipo pitirizani ndi kiti yanu monga yalembedwera. DNA idzatuluka yodukaduka koma pa PCR palibe vuto, inu mukufuna kachidutswa ka 1500 basi. Mukamaliza kugwedeza dikirani kaye mphindi zingapo musanatsekule, ndipo mutsekulire mu kabineti, chifukwa muli tizilombo tamoyo ndipo tina tikhoza kukhala tosamva mankhwala.

Funso langa: munapanga catalase ndi coagulase, ma test otsimikizira Staph ndi mtundu wake, pa onse 23, kapena mwangodalira Gram?

tadala.micro

Zomwe anena a Phiri ndi zoona zonse, ine ndingowonjezera pa chinthu chimodzi chomwe chandigwira mu positi yanu achemwali, poti kabandi kamaoneka lero mawa kulibe. Staph aureus amatulutsa enzyme yodya DNA yomwe siifa ndi moto, thermonuclease, ija jini yake timaitcha nuc ndipo mwina muipanganso PCR potsimikiza kuti ndi aureus. Mu test yake yeniyeni kalcha amaiwiritsa mphindi 15 koma enzyme imakhalabe ikugwira ntchito. Nde tangoganizani, mwawiritsa mu madzi chabe, maselo ochepa asweka, DNA pang'ono yatuluka, mwasiya mu furiji usiku wonse limodzi ndi enzyme yomwe ikuidya. Enzyme imeneyi imafuna calcium kuti igwire, ndiye mukawiritsira mu TE, EDTA ija imagwira calcium ndi magnesium, enzyme imakhala manja lende. Chelex ya 5% imachitanso chimodzimodzi ngati mungaipeze. Kungoti EDTA ikachuluka mu PCR imalandanso magnesium wa Taq, enzyme ya PCR, choncho musapitirire 1 kapena 2 µl, ndipo zowiritsa zisungeni pa -20 osati pa 4. Komanso kuno ku Lilongwe tili pamtunda, mamita opitirira 1000, madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97 osafika 100, si nkhani yaikulu koma pa Staph onjezerani nthawi ifike mphindi 15.

Chachiwiri, musanaononge ma reagent ena dziwani kaye ngati vuto ndi kusowa kwa DNA kapena muli zinthu zotsekereza PCR. Blood agar ili ndi heme, mukakanda koloni mwamphamvu mpaka kutengako agar yofiira ija, heme imaimitsa Taq. Test yake ndi yotchipa: tengani DNA ya E. coli yomwe mukudziwa kuti imatulutsa bandi, 1 µl, sakanizani ndi 1 µl ya sampulo ya Staph mu riyakishoni imodzi. Bandi ikabwera ndiye kuti mu Staph muja munalibe DNA basi. Ikasowa ndiye muli chotsekereza, sungunulani sampulo 1 mu 10 muyesenso, nthawi zambiri imatuluka. Anthu PCR ikakana amathamangira kuwonjezera sampulo pomwe kawirikawiri chofunika ndi kuchepetsa.

Za NanoDrop musadandaule nazo kwambiri. DNA ikakhala pansi pa 10 ng/µl ma ratio aja sadalirika, kadothi pang'ono kamasintha zonse. DNA yoyera 260/280 imakhala cha pa 1.8 ndipo 260/230 cha pa 2.0 mpaka 2.2. Yanu ya 0.5 ikuonetsa mchere wa guanidine wotsalira kuchokera mu buffer ya kiti. Kiti yotsala kwa anthu ena ndimaikayikira pa chinthu chimodzi, wash buffer. Imafunika kuthiramo ethanol musanayambe, ndipo botolo likakhala chaka losatsekedwa bwino ndi kutentha kwa Okutobala kuno ethanol amauluka, ndiye m'malo motsuka mchere buffer ija imakokolola DNA yanu kupita nayo ku zinyalala. Onani ngati pa chivindikiro anachongapo, ndipo mufunse amene anaigwiritsa ntchito. Mukatsuka komaliza sipinani column yopanda kanthu mphindi ziwiri kuti ethanol aume, elution buffer itenthetseni cha pa 60, muthire 50 µl pakatikati penipeni pa sefa, dikirani mphindi zisanu kenako sipinani. Ndipo thamangitsani 5 µl pa jelo ya 0.8%, maso anu aone bandi yaikulu kumtunda pafupi ndi dzenje, NanoDrop imawerenga RNA ndi zidutswa zonse ngati DNA.

kondwa_vet

Aise bwanji osangopanga phenol chloroform n'kuthana nazo? Ife kiti ikatha timabwerera komweko ndipo DNA yake imakhala yambiri kuposa ya column, yaitali bwino yoti ngakhale sequencing imalola. Mukaswa maselo, SDS ndi proteinase K ola limodzi, thirani phenol:chloroform:isoamyl ya 25:24:1 muyezo wofanana ndi sampulo, tembenuzani kachubu kangapo, sipinani mphindi 10, mupeza magawo awiri ndi kansalu koyera pakati, amenewo ndi mapuloteni, inu tengani madzi a pamwamba osakhudza kansaluko, bola kusiyako pang'ono kusiyana ndi kutengera dothi. Chloroform yokha kamodzi kuti ichotse phenol wotsala, kenako sodium acetate ya 3 M gawo limodzi mwa 10 ndi ethanol wozizira miyezo iwiri ndi theka, mukatembenuza mumaiona DNA ikutuluka ngati kaulusi ka thonje kakuyandama, ine mpaka lero ndimaitana aliyense ali pafupi kuti adzaone. Tsukani ndi ethanol wa 70%, umitsani pang'ono, sungunulani mu TE. Phenol akhale wa pH 8, wa asidi uja ndi wa RNA, DNA imatsikira pansi n'kutayika. Akasanduka wapinki kapena wabulauni waonongeka musagwiritse ntchito.

Za magetsi, ife timathira madzi a 56 mu fulasiki ya tiyi, themometa momwemo, timachubu pa kathovu koyandama, kutseka. Ola limodzi amatsika madigiri ochepa okha ndipo proteinase K siyovuta, ngakhale pa 50 imagwirabe, kungoti mochedwerapo.

aPhiri_labu

A Kondwa, za fulasiki ndagwirizana nanu, ifenso tinkatero. Njira ya phenol mwailongosolanso bwino, koma pali ziwiri. Choyamba phenol sathetsa vuto la mwanayu, ngati khoma silinasweke bwino mudzapeza madzi a pamwamba oyera bwino koma DNA yochepa, kuswa kuja n'kosathawika. Chachiwiri, sindingamuuze wophunzira amene akugwira yekha madzulo kuti atsekule phenol ndi chloroform ndisanadziwe ngati fume hood yawo ikukoka mpweya. Ndinaonapo mnyamata atadonthezedwa phenol pa mkono pamwamba pa golovesi, sanamve kuwawa chifukwa phenol amachititsa dzanzi, anazindikira khungu litayera kale, chipsera chake anakhala nacho. Amalowanso m'magazi kudzera pakhungu. Kabineti ya tizilombo ija si fume hood, sefa yake imagwira tizilombo koma nthunzi ya chloroform imadutsa.

Ma column akatha pali njira ya mchere yomwe ilibe poizoni. Pambuyo pa proteinase K thirani mchere wambiri, NaCl wokhuta kapena ammonium acetate, ikani pa aisi mphindi 10, sipinani mwamphamvu, mapuloteni amakhala pansi, madzi a pamwamba muwathire isopropanol pafupifupi 0.7 ya muyezo wake, DNA igwa. Pa PCR imakwana. Ethanol akhale wa mu labu weniweni, sipiriti wapepo wa m'sitolo uja ali ndi zosakaniza zina.

Ndipo poti mukugwiritsa ntchito kiti, a Nachisale, madzi otsika mu column musawathire jiki. Ndikudziwa chizolowezi chathu ndi kuponya chilichonse mu chidebe cha jiki, koma guanidine akakumana ndi jiki amatulutsa mpweya wapoizoni. Akhale ndi botolo lakelake lolembedwa.

nachisale_25

Zikomo kwambiri bambo Phiri, achemwali a Tadala ndi achimwene a Kondwa, ndawerenga kawiri ndikulemba mu kope. Poyankha funso lanu bambo, catalase ndinapanga pa ochepa okha oyambirira, onse anatulutsa thovu nde ndinangoti onse ndi amodzi, coagulase sindinapange chifukwa plasma inalibe. Fume hood yathu siikugwira ntchito chiyambire chaka chino, choncho phenol ndamusiya. Ndapita kukaona wash buffer ija, pa chivindikiro palibe chochonga ndipo ndikanunkhiza fungo la ethanol silikumveka, mnzanga amene anaisiya foni yake sikupezeka. Ndithiremo ethanol mongoyerekeza kapena ndiisiye?

tadala.micro

Musayerekeze achemwali, simukudziwa ngati anathiramo n'kuuluka kapena sanathiremo n'komwe. Pangani ethanol wa 80% watsopano ndi madzi oyera a mu labu, mutsukire ameneyo kawiri, pa sefa ya silica amagwira bwino. Ndipo catalase pangani pa onse mawa lomwe, ndi kadontho ka hydrogen peroxide pa silaidi basi, koma koloni muitenge pa nutrient agar chifukwa magazi a mu blood agar amatulutsanso thovu n'kukunamizani. Mu mkaka wa ng'ombe yodwala bere mumapezekanso Streptococcus, agalactiae ndi uberis, iwowo catalase alibe ndipo lysostaphin sawakhudza n'komwe, enzyme yawo ndi mutanolysin. Ngakhale ma Staph amene si aureus ambiri samva lysostaphin bwino chifukwa pa kamlatho kaja ma glycine ena amalowedwa m'malo ndi serine. Ndiye mukanadikira miyezi iwiri ija mwina theka la masampulo likanakukananibe, timikanda sitisankha mtundu. Ine ndili nato pang'ono, ndimatsikira m'tauni Lachitatu, ndilembereni ku inbox tikumane pa depoti.

nachisale_25

Ndabweranso ndi zotsatira. Timikanda ndinalandira Lachitatu, Mulungu akudalitseni achemwali, munakananso ndalama ya minibasi.

Ndinayamba ndi test yosakaniza ija. Pa masampulo 6 a Staph owiritsa omwe ndinaikamo DNA ya E. coli, anayi bandi inabwera, awiri inasowa, ndipo awiriwo ndi omwe madzi ake ankaoneka ofiirira, ndikukumbuka kuti makoloni ake anali ang'onoang'ono ndinachita kukanda. Ndiye mavuto analipo onse awiri. Catalase pa onse 23, 19 thovu, anayi zii, ndipo nditabwereza Gram kuchokera mu broth anayiwo ndi timipira tondondozana ngati unyolo osati mphesa, ndi omwewo a makoloni ang'onoang'ono. A supavaiza akuti tiwalembe padera ngati Strep ndipo apeza plasma ya coagulase sabata yamawa.

Lachinayi ndinadzala onse pa nutrient agar madzulo, Lachisanu 8 koloko ndinayamba ndi 8 oyamba. Votekisi yathu ndi yakale, tepi inkamasuka ndi kunjenjemera kuja mpaka ndinamangira ndi mphira wa chubu cha njinga, maulendo asanu. Nditathira lysis buffer ndi proteinase K madzi anayeradi bambo Phiri, osati mbee ngati a E. coli koma oonekera, kunanda kwake kunali kochepa, ndikuganiza kuti ndi chifukwa DNA yaduka ndi timikanda. Magetsi anathima 11 koloko, fulasiki ya mayi anga inagwira ntchito, inayamba pa 57 n'kutsika kufika 53 pa ola limodzi, kusipina ndinadikira jenereta ya masana. NanoDrop ikupereka pakati pa 38 ndi 95 ng/µl, 260/280 cha pa 1.8 ndi 1.9, 260/230 ikadali yotsika, 1.3 mpaka 1.6. Pa jelo pali chimzere chopakika kuchokera kumtunda kutsika, osati bandi imodzi yoongoka. Koma PCR ya 16S, 7 mwa 8 bandi yowala pa 1500, ndipo negative control ndi yoyera. Ndinajambula jelo ija katatu.

Wachisanu ndi chitatu uja kachubu kake kanakhalabe mbuu, ndikuona ngati ndinachulutsa maselo, ndimubwereza Lolemba ndi theka la lupu. Ma column atsala 9 okha pomwe masampulo atsala 15, nde enawo ndiyesa njira ya mchere. Bambo Phiri, NaCl wokhuta uja ndithire wochuluka bwanji pa 400 µl? Komanso ma Klebsiella awiri makoloni ake ndi onanda kwambiri, ndikasipina peleti sikhazikika pansi imangoyandama ngati mamina, ndawerenga kuti CTAB, sopo wina wa mu labu, imachotsa shuga wa kapisozi wotere bola mchere ukhale wokwanira kupitirira 0.5 M kuti DNA isagwere limodzi. Kuli kabotolo ka CTAB ku labu ya zomera, ndikapemphe kapena ndingosungunula sampulo 1 mu 10 kaye ndione?